Mdzukulu wa ku Roscommon

Anthu akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Ireland, ndimangoti ndinkanyamula matailosi. Si bodza. Koma ndinakumbakonso manda a mzungu, ndipo nkhani imeneyo ndi imene imandiwawa mpaka lero, ngakhale sindiikamba pa bawo.

Ndinachoka kwathu ku Namitete nditasiya mkazi ndi mwana woyamwa. Anandithandiza ndi bambo mfumu a ku Ireland amene anakhalitsa pa parishi yathu, munthu woti Chichewa ankachilankhula ndi miyambi yomwe. Iwo ndi amene anandipezera malo pa sukulu ina ku Dublin, n'kunditumiza kwa achimwene awo, a Christy, amene anali ndi kampani yogulitsa matailosi ndi zipangizo za m'bafa. Amayi sanalire pondiperekeza. Anangondigwira mkono pa siteji ya minibasi n'kunena kuti, "Pitani, ife tilipo." Mlongo wanga Sesiliya, wondiponda pamutu, ndiye anatsala nawo pakhomo.

Zaka zoyamba ndinkapita kusukulu mmawa, madzulo n'kumakolopa m'maofesi. Kenako a Christy anandilemba ntchito, n'kundivutikira mpaka nditapeza pemiti. Pemiti imeneyo muimvetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Inali ndi dzina la kampani yawo. Ntchito ikatha, nayonso yatha, iwe yamba kulongedza. Koma ukapirira nayo zaka zingapo osadukiza, boma limakupatsa chidindo china chokhala m'dzikomo mosadalira bwana, ndipo ukhoza kuitanitsa banja lako. Chidindo chimenecho ndi chimene ndinkadzukira kukadali mdima, n'kukwera mabasi awiri kuchokera ku Coolock, kumene tinkapanikizana m'nyumba imodzi Amalawi okhaokha, mpaka kuseri kwa Blanchardstown.

Malo athu anali chinyumba chamalata chachikulu ngati shedi ya fodya, chozizira mpaka m'mafupa. Ine ndinkayendetsa forklift, kagalimoto kamene kamanyamula mapaleti n'kuwakweza m'malole. Nthawi imeneyo Ireland inali pa chimake. Aliyense ankamanga, ndipo nyumba iliyonse inkafuna mabafa atatu, ngati kuti anthu ake amasamba mosinthana zipinda. Malole ankatuluka odzaza kupita ku Lucan ndi kwina konse kumene minda inkasanduka nyumba.

Anthu akuda pa kampanipo tinalipo awiri, ine ndi a Tembo. A Tembo anali a ku Chipata, akulu kwa ine, ndipo akazi awo anali nesi pa chipatala, motero iwo za pemiti sizinkawadetsa nkhawa. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Sindinganame kuti anzathu ankatitukwana, ayi. Ambiri anali anthu oseka, okupatsa ndudu ngakhale ukanene kuti susuta. Chimene chinkachitika chinali china. Lolemba tikafika tinkapeza zinthu zasintha: uyu wakwezedwa, uyo wapatsidwa ovataimu ya Loweruka, uja akupita kukaphunzira za kompyuta. Zinakambidwa liti? Lachisanu ku pub, kumene amamwera mowa, kapena Lamlungu ku bwalo la mpira wawo uja wogwira ndi manja. Palibe anatiletsa kupitako. Palibenso anatiitana. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kukweza paleti osaswa thailosi ndi limodzi lomwe, chaka chisanathe ankabwera atavala shati yoyera kudzandiuza kuti ndifulumire.

Koma kukabwera alendo, ogulitsa a ku Spain kapena akuluakulu a khonsolo, pamenepo tinkakumbukiridwa. Ankatiitana kuti tidzagwirane nawo chanza, n'kumati pano tili ndi anthu a mitundu yonse. Pa kalendala ya kampani nkhope yanga inalipo, ndikumwetulira pa forklift ngati ndawina njinga.

"Iwe na ine ndise ma flowers ya pa reception," a Tembo ankatero. "Ma flowers sibaitana ku meeting, mwana. Bathirira chabe."

Ine ndinkaseka, n'kumati mdalayu ndi wamkamwa. Chifukwa chake chinali a Christy. Iwo anali atasiyira kale kampani mwana wawo Declan, koma ankabwerabe tsiku ndi tsiku, n'kudzakhala nafe pa mapaleti nthawi ya nkhomaliro. Ankandipatsa moni wa "Muli bwanji, bambo" umene anaphunzira kwa ang'ono awo ansembe aja, n'kumandifunsa za mvula ya kwathu ndi mitengo ya feteleza. Anakulira pa munda, ndipo ankadziwa kuti nthaka ndi chiyani. Ndikakhala nawo ndinkaiwala kuti ndili kwa eni.

A Christy anamwalira mwadzidzidzi, ndi mtima. Maliro anapita nawo kumudzi kwawo ku Roscommon. Kampani inatsekedwa, ndipo ine ndinakwera vani limodzi ndi madalaivala. A Tembo anatsala, anati ana alibe wowasiyira.

Zimene ndinaona kumeneko zinandidabwitsa. Ine ndinkayesa azungu amaika maliro ngati akutumiza katundu pa positi. Ayi ndithu. Mtembo unagona m'nyumba, m'chipinda chochezera, bokosi lili chitsegulire. Anthu a m'mudzi monsemo ankabwera pamzere, kugwira chanza anamfedwa n'kunena kuti "Sorry for your trouble," monga momwe ife timanenera pepani. Amayi anali kukhitchini ndi maketulo, abambo panja akukamba za ng'ombe, korona akupempheredwa, ena akuseka nkhani za malemu. Tinachezera pamenepo. Ndinadziuza mumtima kuti, anthu awa ndi Achewa, angosiyana khungu.

Kutacha ndinamva kuti manda kumeneko sakumba a khonsolo, amakumba anansi. Ndinawatsatira. Ndinapeza madala okhaokha, chifukwa anyamata a m'mudzimo anali ku Dublin ndi kunja, ndipo nthaka yake inali yamiyala, yonyowa. Ndinawayang'ana akupuma wefuwefu, mtima sunandilole. Ndinavula jekete la suti, n'kupinda malaya, n'kupempha piki. Mdala wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za kutchalitchi, n'kundipatsa. Ndinalowa m'dzenjemo ndipo sindinatulukemo mpaka linandipitirira mutu. Potuluka anandikoka ndi manja awiri, n'kundimwetsa kachasu wawo pa chitsekero cha botolo, ine wosamwa mowa ndikutsokomola, iwo akundimenya pamsana.

Ponyamula bokosi kuchoka kutchalitchi panasowa phewa limodzi, chifukwa mng'ono wake wa Declan ndege inamuchedwetsa ku Australia. Declan anatembenuka, n'kundikodola. Ndinanyamula a Christy paphewa langa, mkono wanga uli pa phewa la mwana wawo, tsaya langa likukhudza thabwa. Titakwirira, mayi ake a Declan anandigwira manja onse awiri, manja anga ali matope, n'kunena kuti, "Tsopano ndiwe wathu." Declan naye anandikumbatira akulira, nati, "Sindidzaiwala."

Apa ndi pamene ndinasochera, ndipo ndinasochera monga Mchewa. Kwathu munthu amene wakukumbira manda a kholo lako n'kukunyamulira maliro sakhalanso mlendo. Timamutcha mdzukulu. Akhoza kugwira nkhuku pakhomo pako iwe osatsegula pakamwa, akhoza kukunyoza pagulu iwe n'kumangoseka. Ndipo tsiku limene kwake kwagwa zovuta, suyembekeza uthenga wachiwiri, umasiya khasu pamzere n'kuthamanga. Maliro n'kulirana. Palibe amalemba zimenezi, aliyense amangozidziwa. Ndinabwerera ku Dublin ndikukhulupirira kuti ine ndi banja la a Christy tamangana mfundo yoti palibe angaimasule.

Nditawafotokozera a Tembo, anasiya kutafuna n'kundiyang'ana.

"Wachita bwino, mwana, Mulungu aona. Manje mvela. Kuli iwe ni chibululu, chibale, kuli beve ni favour. Bazakamba thank you, bazakugulira drink, yasila."

"A Tembo, inu simunaone mmene mayi aja anandigwirira manja."

"Nakuuza chabe. Uzaona."

Sipanapite nthawi yaitali, zinthu zinatembenuka m'dziko lonse. Pa wailesi nkhani inali ya mabanki basi. Ku Lucan nyumba zinaima zopanda mawindo, udzu ukumera m'milu ya mchenga. Malole athu ankapita ndi katundu n'kubwera naye, akuti womanga uja wagwa, pageti pali loko. Anzathu a ku Poland anayamba kubwerera kwawo mmodzimmodzi. Tinayamba kugwira masiku ochepa pa sabata, ndipo masiku athu a tchuthi anatikakamiza kuwadya tili khale m'nyumba. M'kantini anthu analeka nthabwala, aliyense akuyang'ana mnzake ngati nkhuku za m'khola limodzi Khirisimasi ikayandikira. Ine ndinali nditatsala pang'ono kukwanitsa zaka za chidindo chija. Ndinkangopemphera kuti kampani ipume mpaka ndiwoloke.

M'masiku omwewo, pamene ankati ndalama palibe, kunabwera munthu watsopano. Dzina lake Shane, mwana wa mlongo wake wa Declan, amene ntchito yake ya zomangamanga inali itatha. Declan anandiitana nati ndimuphunzitse forklift. Ndinamuphunzitsa ndi mtima wonse, monga mwana wa pakhomo pathu. A Tembo anangopukusa mutu. Iwo anali atapita kale kwa Declan kangapo konse kukapempha kuti pa kakomiti ka antchito, kamene kankakambirana ndi mabwana, pakhale mmodzi wa ife. Yankho linali lomwe lija, lakuti tiona. Atatopa anasiya okha ntchito, n'kukayamba kuyendetsa takisi.

Foni ya Sesiliya inandipeza ndili pa basi, ndikupita kuntchito. Sanazungulire. "Achimwene, amayi atisiya." Anali atadwala masiku ochepa chabe, chibayo, ndipo sanafune kuti andiuze poopa kundisokoneza. Ndinatsika pa siteji yolakwika n'kukhala pansi pa msewu, mvula ikundinyowetsa. Nditapeza mawu ndinamuimbiranso. Ndinati, "Musaike. Auzeni amalume kuti thupi likhale ku mochale. Ndikubwera." Ndine mwana woyamba, wamwamuna yekhayo. Zoti amayi angalowe m'nthaka ine kulibe sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Ndinalowa mu ofesi ya Declan ndili chinyowere. Masiku amenewo ndinkati a Declan, lero ulemu umenewo unandithera. Anaimirira, n'kundigwira chanza, n'kunena mawu awo aja a pamaliro. Anandikhazika pansi, n'kundipangira tiyi ndi manja ake. Ndinamuuza kuti ndikufuna masabata awiri. Ndinkayembekeza kuti andifunsa kuti ndege inyamuka liti, mwinanso kundiperekeza yekha ku bwalo la ndege. Iye anangozunguza kapu yake.

"Lamulo la kampani ndi masiku atatu," anatero. "Ndipo tchuthi chako chinatha."

"Masiku atatu ndi a m'njira mokha. Kwathu n'kutali, bwana."

"Ndikudziwa. Sindingakuletse kupita, ndipo sindikukuletsa. Koma ndikuuze zoona, monga mnzanga. Mwezi uno a banki akubwera, ndipo tiyenera kuchepetsa anthu. Munthu amene sadzaoneka pano masabata amenewa, kudzandivuta kumuikira kumbuyo. Ukakhala, ndikuyang'anira ine. Ukudziwa zimene unatichitira."

Ndinatuluka panja. Mbali ina amayi ali mu mochale akundidikira. Mbali ina chidindo chimene ndinachivutikira zaka zonsezi, mkazi wanga ndi mwana amene ankandidziwira pa chithunzi. Ndinaimbira mkazi wanga, iye anangolira n'kunena kuti ndiganize ndekha. A Tembo anandipeza madzulo ndi takisi yawo.

"Yenda ukashike ba mai bako mu manda," anatero. "Nchito ni nchito. Ticket tizasonkha."

"Wandilonjeza, a Tembo. Wanena yekha kuti andiyang'anira."

"Alemba pa pepala?"

"Munthu amene ndinamuikira bambo ake ndimuuze kuti alembe?"

Anangoyatsa galimoto n'kundiperekeza ku Coolock.

Mawa lake ndinaimbira Sesiliya. Ndinamufotokozera za pemiti, za banki, za chidindo, mawu ambirimbiri. Iye anamvetsera osandidula. Pomaliza anangoti, "Chabwino, achimwene. Tiika mawa." Ndipo anadula foni.

Amayi anaikidwa ine ndili pa shifiti. Msuweni wanga anandiimikira foni kumanda, ine nditabisala kuseri kwa mapaleti, pafupi ndi chitseko cholowera malole. Ndinamva amayi a kwaya akuimba, ndinamva akatekisiti akupemphera, ndinamva Sesiliya akulira kuitana amayi. Kenako ndinamva dothi loyamba likugwera pa bokosi. Phokoso limenelo ndinkalidziwa bwino. Ndili pomwepo mawu a mzimayi wa Chingerezi analowerera kundiuza kuti mayunitsi atha. Lole inali itafika, dalaivala akuimba hutala, Shane akundikuwira kuti paleti ina yamukanika. Ndinapukuta m'maso ndi magolovesi, n'kukwera forklift.

Loweruka lake Amalawi ndi a ku Zambia anadzadza nyumba yathu ku Coolock. Tinatulutsa mipando, amayi anayala zitenje pansi, ena anakhala pa masitepe mpaka pamwamba. Anabwera anthu oti sindinawaonepo, ochokera ku Lucan, ena atangoweruka ku nyumba zosamalira okalamba, yunifolomu ili m'thupi. Bambo mfumu wina wa ku Malawi, amene ankatumikira pa parishi ina mumzindamo, anachita Misa pa tebulo lodyera. Ana obadwira konko ankayankha mapemphero m'Chingerezi. Kuntchito ndinali nditauza aliyense za mwambowu, ndi nambala ya nyumba yomwe. Ndinasunga mipando iwiri yabwino pafupi ndi khomo, wina wa Declan, wina wa mayi ake. Galimoto iliyonse ikaima panja ndinkasuzumira pa windo. Mipandoyo inakhala yopanda anthu mpaka akazi a a Tembo anaikapo mapoto. Madzulo Declan anatumiza uthenga pa foni, wakuti akundiganizira ndipo tionana Lolemba.

Zinandipweteka, koma ndinamupezera zifukwa. Ndinati mwina sadziwa kuti kwathu anthu amabwera osaitanidwa. Ndinaiwala dala kuti kwawonso ndinaziona ndi maso anga, mudzi wonse uli pamzere.

Masabata otsatira ndinkagwira ntchito thupi lokha. Tsiku lina ndinakhota msanga, paleti ya matailosi a ku Italy inagwa n'kusweka. Chiyambire ntchito ndinali ndisanaswepo kanthu. Ndinasesa zidutswazo ndekha, ndinakapepesa, ndipo Declan anati ndisadandaule, zimachitika.

Mwezi usanathe anandiitana ku ofesi. Ndinapeza Declan ali ndi mayi wina wovala suti, wobwerekedwa ku kampani yothandiza kuchotsa anthu ntchito. Mayiyo ndiye ankalankhula, mawu ofewa ngati nesi wobaya jakisoni. Anati kampani ikusunga anthu otha kugwira mbali zingapo, monga kuyendetsa forklift komanso kucheza ndi makasitomala pa kauntala. Ine pa kauntala anali asanandiikepo n'kamodzi komwe, ngakhale ndinapemphapo. Anati anaonanso kuti masiku apitawa maganizo anga sanali pa ntchito, ndipo anatchula paleti ija. Forklift inatsala imodzi, ndipo woyendetsa wake akhala Shane.

Sindinamuyang'ane mayiyo. Ndinayang'ana Declan, amene maso ake anali pa kapeti.

"Declan, unandiuza kuti ndikhale."

"Ndinayesetsa. Sindinasankhe ndekha, tinakhala pansi anthu angapo."

"Amayi anga anandidikira mu mochale. Ndinawauza abale anga kuti aike ine kulibe, chifukwa cha mawu ako."

"Sindinakuletse kupita. Ndinanena momveka kuti sindikukuletsa."

"Ndinakumba manda a bambo ako ndi manja awa."

Apo anadzutsa mutu, nkhope itafiira. "Tinathokoza, ndipo tikuthokozabe. Amayi amakutchula mpaka lero. Koma izi ndi zina, izi ndi za bizinesi. Shane ali ndi ngongole ya nyumba, ali ndi ana. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinafuna kumuuza kuti nanenso ndili ndi mwana, kuti Shane ntchito ikatha apita kukalandira thandizo la boma ali m'dziko lake, pamene ine ndikwera ndege. Mayi uja anandikankhira bokosi la matishu. Ndinaimirira n'kutuluka, osatseka chitseko.

Ndakhala ndikuiganiza nkhaniyi zaka zonsezi, ndipo mkwiyo wanga sunathe, ungosintha pokhala. Ndikudziwa kuti nthawi inali yoipa kwa aliyense, ana a eni dziko nawonso ankalira pa bwalo la ndege popita ku Australia. Ndikudziwanso kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo Shane anali magazi ake. Akanandiuza zimenezo tsiku lija ndinalowa mu ofesi ndili chinyowere, ndikanakwera ndege n'kukaika amayi anga, ntchito n'kuitaya ndili ndi mtendere. Chimene sindimukhululukira n'chakuti ankafuna munthu woti agwire forklift mpaka Shane aizolowere, ndipo anandigwira ndi chingwe chimene ankadziwa kuti sindingachidule. Anthu angapo aja amene anakhala pansi kusankha maina anali a sukulu imodzi, a timu imodzi, a pub imodzi. Munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti pemiti ikaduka munthu amataya chiyani, kapena woti n'kufunsa kuti, kodi munthu amene waswa paletiyu si uja amayi ake amwalira mwezi watha? Si kuti onse anali oipa mtima. Sankationa basi. Pakanakhala a Tembo m'chipinda chimenecho, mwina ntchito ikanathabe, koma wina akanachita manyazi.

Boma linandipatsa miyezi ingapo yoti ndipeze bwana wina wondilembera pemiti. Ndinayenda m'mafakitale onse a ku Coolock ndi ku Blanchardstown, geti ndi geti, mpaka nsapato zinabooka. Kulikonse ankati ntchito kulibe, ngakhale ana awo omwe angokhala pakhomo. Anzanga ena anandilangiza kuti ndingosowa, ndizigwira ntchito ndi dzina la munthu wina monga ankachitira ambiri. Ndinalibenso mphamvu zobisala. A Tembo ndi amene anandinyamula pa takisi yawo kupita ku bwalo la ndege, ndipo njira yonse sananene kuti ndinakuuza. Potsazikana anandigwira paphewa nati, "Ukafika, uyambe ku manda."

Kunyumba ndinafika ndi masutikesi awiri. Mwana wanga anabisala kumbuyo kwa mayi ake, akufunsa kuti alendowa agona kuno? Mkazi wanga anandilandira bwino, koma ndinkaona kuti anazolowera kuyendetsa pakhomo yekha, ndipo ine ndinali ngati kabati yatsopano yosowa poiika. Anthu a m'mudzi anabwera kudzandipepesa ndi kudzaona zimene ndabweretsa. Nkhani ya ku Roscommon inali itafika kale, chifukwa ndinaikamba ndekha pa foni masiku amene ndinkainyadira. Adzukulu amene anaika amayi sanandisiye. Mmodzi anandigwira jekete n'kunena kuti, "Afika akatswiri okumbira azungu! Kumeneko amalipira bwanji pa dzenje, bwana?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, poti mdzukulu sumukwiyira. Jeketelo anapita nalo.

Sesiliya yekha sanaseke. Anali ataonda, ndipo nkhope yake inali itafanana ndi ya amayi moti ndinachita mantha. Ndi iye amene anawasambitsa akudwala, amene anagona pa simenti ya chipatala, amene anapirira mawu a anthu pamene thupi linkadikira mwana wa kunja amene sanabwere. Anandigwadira patali n'kundipatsa moni waulemu wonse, ngati wopatsa mlendo wa boma. Anandiikira madzi osamba. Sanandifunse za ulendo.

Mmawa mwake amalume anapempha chilolezo, ndipo tinapita kumanda, ine, iwo, Sesiliya ndi mdzukulu mmodzi wotitsogolera. Mitumbira yatsopano inali yambiri. Ndinaima pakati pake ndikuyang'ana uku ndi uku, mwana woyamba wosadziwa pamene pagona mayi ake. Sesiliya anandidutsa n'kukaima pa mtumbira wina umene unali utayamba kale kumera udzu.

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege, koma onse anabalalika. Ndinayamba kufotokoza, kaya ndinkafotokozera amayi kaya Sesiliya. Ndinati sikunali kufuna kwanga, ndinati bwana anandiuza kuti ndikachoka ntchito itha, ndipo ikatha ndiye kuti zaka zonse zija zapita pachabe.

"Ndiye munakhala," anatero Sesiliya.

"Ndinakhala, achemwali."

"Kusunga ntchito."

"Eya."

Anawerama n'kuzula udzu umodzi pa mtumbirapo, n'kuutaya pambali. Sanakweze mawu.

"Nanga ntchitoyo ili kuti, achimwene? Mwabwera nayo? Itulutseni, amayi aione."

Amalume anayang'ana kumbali. Ine ndinakhala chigwadire, manja ali pa dothi limene anakumba anthu ena.